Masamba Pamsewu wa Namilulu

Sonkhezerani motowo kaye, ndipo inu mwabisala kumbuyo kwa anzanunu senderani pafupi, chifukwa nkhani iyi sindiibwereza. Wogona agone, koma mawa asadzandifunse.

Pakati penipeni pa mzinda uja pali nkhalango ya boma yotchedwa Namilulu, dzina la mtsinje umene umailambalala. Mbali zonse ndi malata, maminibasi ndi utsi, koma pamenepo pokha patsala mitengo yachilengedwe, moti ukaima pamsika n'kuponya maso kumadzulo mtima umakhala pansi. Ena amati nkhalangoyo inapulumuka chifukwa cha lamulo. Ena amati ayi, m'kati mwakemo muli manda a anthu amene anasamutsidwa pomanga mzindawo, ndiye panalibe wofuna kukhala woyamba kugwetsa mitengo yake. Ine za zimenezo sindilowerera.

Mlonda wa nkhalangoyo anali Zefaniya Kamtedza. Ha, munthu uja! Wamfupi, wachifuwa chotambalala, woyenda ngati msewu anaugula yekha. Ootcha makala akangomva kutsokomola kwake ankataya nkhwangwa n'kuliyatsa liwiro, moti kuseri kwa nyumba yake kunali mulu wa nkhwangwa zolanda. Sankaopa munthu, sankaopa njoka, ndipo mukamufunsa za mizimu ankangoti, "Akufa ndi anansi abwino, sabwereka mchere."

Nyumba ya mlonda inali yokhayokha m'mphepete mwa kamsewu kafumbi, nkhalango kutsogolo, mtsinje kuseri. Ankakhalamo ndi mkazi wake Nachisale, amene matenda anamupha ziwalo mbali imodzi. Kuyenda sankayenda, kulankhula ankalankhula pang'onopang'ono, koma liwu lake likatuluka linkalasa. Kamtedza ankamukonda mkaziyo chikondi chopanda manyazi. M'mawa uliwonse ankamunyamula n'kumukhazika pakhonde, moyang'anana ndi m'bawa waukulu umene unaima pakhomo pa nkhalango. Mtengowo anaubereka ndani sitidziwa, koma anthu atatu sakanaukumbatira. Nachisale ankaswera pamenepo, kuonera mbalame ndi apusi akukangana m'nthambi zake.

"Wailesi yakanema yanga ine ndi imeneyi," ankatero. "Tsiku limene adzanditchingire mtengowu, mudzangonditsekera kuchipinda basi."

Ndiye chakudza sichiimba ng'oma. Kunamveka kuti mzinda ukufuna kumanga mlatho waukulu pa Namilulu, kuti magalimoto asamathithikane pakamlatho kakale. Tsiku lina kunabwera mayi wina wachitsikana, mayi Chikaonda, atakolekera kamera m'khosi. Ntchito yake inali yoona mmene malo adzaonekere mlathowo ukadzamangidwa. Anajambula pakhonde, anajambula pamsewu, kenako anamuitanira Kamtedza pambali n'kumuonetsa chithunzi pafoni. Nyumba inali yomweyo, khonde lomwelo, koma pamene pali m'bawa panali chipilala cha simenti, ndipo kumwamba konse kunali msewu.

"Zimenezi mkazi wangayu asazione," anatero Kamtedza.

"Njira zilipo ziwiri, bambo," mayi Chikaonda anafotokoza. "Ina ndi ino, ina ndi ya kumunsi kumiyala. M'bawa uwu umaonekera kumsika, kuchipatala, kudepoti, ndiponso uli m'malo otetezedwa. Ukakhala chiimire, ine ndikalimba nazo ku khonsolo kuti mlatho ukadutse kumunsi. Koma khonsolo ikumana mwezi wamawa, pamene anzathu oboola nthaka akuti ayamba Lolemba. Akangoboola pamizu, mtengo udzayamba kuuma, ndiye ine ndikateteza chiyani?"

"Lolemba saboola."

"Muwaletsa bwanji? Chilolezo ali nacho."

"Inu kalembeni zanuzo, mayi. Zapano zisiyireni eni ake."

Lolemba kusanache bwinobwino Kamtedza analowa m'nkhalango ndi chikwanje. Sanasadze m'mphepete, poopa kuti zipsera zingaoneke kumsewu. Analowa m'kati mwenimweni, kumene nthaka ili ndi timitumbira tophwa, n'kusadza nthambi zamasamba aawisi. Anaziyala chopingasa pamsewu, zina kumtunda kwa nyumba, zina kumunsi. Mukudziwa inu nomwe tanthauzo lake: masamba pamsewu ndiye kuti pakatipo pali maliro. Wanjinga amatsika, wachipewa amavula, ndipo palibe amene angalize makina pamenepo.

Dzuwa litakwera, lole ya oboola nthaka inafika n'kuima pamasamba paja. Kapitawo wawo anatsika, chipewa chili m'manja.

"Pepani bambo, kwagwanji?"

Kamtedza anagwetsa nkhope ngati munthu wosagona. "Zovuta, achimwene. Wa m'nyumba muno. Tikudikira thupi kuchokera ku Joni."

"Aaa, pepani kwambiri. Komatu za ku Joni zimatenga nthawi."

"Zimatenga, achimwene. Mapepala."

Kapitawo anayang'ana makina ake, anayang'ana khonde, n'kupukusa mutu. "Phokoso limeneli pakhomo pa maliro? Ayi, tinabadwa kwa anthu ifenso. Mudzatiuze mukaika."

Lole inabwerera chambuyo mpaka kukasowa. Kamtedza anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma Nachisale pakhonde paja sanaseke.

"Bambo," anaitana. "Mwati wa m'nyumba muno. M'nyumba muno tilimo angati?"

"Kuwerenga ndi makoswe omwe, tilimo ambiri," anayankha Kamtedza, n'kupita kukateleka madzi a tiyi.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Masiku oyambirira zonse zinayenda mmene ankafunira. Masamba akafota ankakasadza ena. Anthu a m'tauni safunsa kuti maliro ndi a yani, ankangotsika panjinga, kudutsa mwakachetechete, kukakwera kutsogolo.

Choyamba kusowa linali khasu. Kamtedza anati ndi akuba, n'kutukwana pang'ono. Kenako piki. Kenako m'mawa wina anapeza benchi ya kukhitchini ili panja pansi pa mango, ndipo pambali pake wina atakokerapo zikuni zitatu zikuluzikulu, mitu yake itagundana pakati, mmene amakonzera moto wa abambo pasiwa. Anaima nayang'ana pansi. Fumbi linali losalala, lopanda phazi la munthu.

"Ootcha makala akufuna kundiyesa," anatero mokweza, kuti nkhalango imve. "Mwalemba m'madzi!"

Anabwezera benchi kukhitchini. Kutacha inali pansi pa mango.

Nkhuku zinasiya kulira. Apusi a mu m'bawa anasamuka. Dzuwa likamapendeka, kuchokera m'nkhalango kunkamveka ngati amayi akuimba chapansipansi, nyimbo yopanda mawu omveka, ndipo ukatchera khutu inkaleka, ukayamba kugwira ntchito inkayambanso. Khasu ndi piki zinabwerera zokha, zitatsamira khoma, zili ndi dothi lofiira lonyowa, chonsecho mvula inali isanagwe chaka chimenecho.

Ndiye anayamba kufika alendo. Madzulo ena Kamtedza akuchokera koyendera malire anaona anthu pamsewu, kutsidya kwa masamba a kumtunda. Ankayenda mondondozana, opanda nsapato, amuna atafunda mabulangete, akazi atamanga nsalu pachifuwa, aliyense kambale ka ufa kali m'manja. Atafika pamasamba anawerama pang'ono n'kulowa. Iye anafulumira kuti awapeze, koma pofika pakhomo panali zii. Pakhonde pokha panali timbale tadothi ta ufa, titandandalikidwa bwinobwino m'mbali mwa khoma.

Nachisale anali pampando wake, tsitsi lake litapesedwa, mapazi ake akunyezimira.

"Wakusambitsani mapazi ndani?"

"Amayi aja."

"Amayi ati?"

"Obwera kusiwa. Ndi aulemu, bambo. Manja awo ndi ozizira, koma ndi ofewa. Akuti mawa adzandisambitsa thupi lonse."

Apa mantha anamugwira Kamtedza, inde, mantha enieni, koma osati oopa anthu aja. Ankaopa mmene mkazi wake ananenera mawuwo, mosadandaula, ngati akunena za ulendo wa kumsika.

Nthawi yomweyo anathamangira pamsewu, n'kukokolola masamba onse, a kumtunda ndi a kumunsi, n'kukawaponya mumtsinje. Anaima pakati pa msewu manja ali m'chiuno.

"Maliro atha!" anakuwa. "Kunalibe maliro! Aliyense kwawo!"

Usiku umenewo anatsekera chitseko ndi mpiringidzo, nagona chokhala pambali pa bedi la mkazi wake.

M'mawa kunagwa nkhungu. Atatsegula chitseko, china chake chinamugwera paphewa. Linali bango, lodulidwa bwino mbali zonse, limene wina analitsamiritsa pachitseko. Kamtedza anakulira kumudzi, ankalidziwa bango limenelo. Ndi limene adzukulu, anthu okumba manda, amayezera womwalira kuti dzenje lisachepe. Analigwira, analiimika pambali pake. Linamupitirira pang'ono. Nachisale anali wamtali kuposa iye pang'ono pomwepo.

Anaponya maso pamsewu. Masamba anali pompaja, aawisi, mame ali chonyezimira.

Tsiku limenelo sanapite kuntchito. Anakhala pakhomo ndi chikwanje, mkazi wake atamutsekera m'nyumba. Masana kunadutsa wanjinga mmodzi, munthu wamoyo ndithu, wogulitsa mabanzi. Anatsika panjinga, navula chipewa, ndipo podutsa pamango anawerama n'kupereka moni chapansipansi kumbali imene Kamtedza ankaona benchi yopanda munthu.

"Mukulonjera yani?" Kamtedza anafunsa.

Wamabanzi anamuyang'ana modabwa. "Azibambowa. Pepanitu, anthu abwera ambiri." Anakankha njinga yake n'kumapita.

Dzuwa litalowa, kuwala kusanathe, nayenso anawaona. Bwalo lonse linali lodzaza. Amuna anakhala mozungulira zikuni zija, zimene zinkayaka moto wopanda utsi. Akazi anakhala pansi m'mbali mwa khonde, miyendo atatambalala, kuyang'ana chitseko. Nkhope zawo musandifunse. Kamtedza ankati ukayang'ana nkhope ya mmodzi, maso ankangoterereka n'kukagwera pa bulangete. Panalibe wotsokomola, panalibe wopha udzudzu.

Munthu wina akanakomoka. Kamtedza anakhazika chikwanje pansi, anakonza kolala ya yunifolomu, natsika pakhonde.

"Akuluakulu," anatero, "takulandirani. Koma mwavutika ulendo pachabe. Pakhomo pano sipanafe munthu."

Pabenchi pananyamuka mwamuna wamtali, bango lija lili m'manja. Mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'chitsime.

"Masamba munawatenga kwathu. Munati wa m'nyumba muno. Munati mukudikira thupi. Ifenso tikudikira nanu, sitifulumira."

"Linali bodza. Ndimanamiza anthu a mlatho."

"Ife bodza sitilidziwa, bambo. Manda takumba kale. Manda sagona opanda kanthu, ndipo masamba sachoka pamsewu maliro asanaikidwe."

"Ndiye tengani ine."

Wamtali uja anaimika bango pambali pa Kamtedza, mmene iye anachitira m'mawa, n'kupukusa mutu. "Muyezo si wanu."

Akazi aja anayamba kuimba, ndipo awiri ananyamuka kulunjika kuchitseko. M'kati munamveka mawu a Nachisale, odekha: "Bambo, atsegulireni. Si bwino kuimika alendo panja."

"Dikirani!" Kamtedza anatambasula manja pakhomo. Mutu wake unkathamanga. "Mwambo ndimaudziwa inenso. Munthu akamira m'madzi osapezeka, kapena akafera kutali, anthu amaika thunthu la mtengo m'malo mwake. Ndanama?"

"Simunaname."

Anathamangira kuseri, anagwetsa nthochi ndi chikwanje kamodzi kokha, anaidula molingana ndi bango, naigoneka patsogolo pa wamtali uja. Iye anawerama, anaikhudza ndi chala, kenako anayang'ana Kamtedza m'maso.

"Maso anu ndi ouma. Ichi simukuchilira. Maliro opanda misozi ife sitinyamula."

Kamtedza anaima. Anadziwa mtengo umene angaulire, ndipo mtima wake unasweka asanatembenuke n'komwe. Pakhomo pa nkhalango m'bawa unali uli njo, wakuda pathambo lofiira. Ukagwa, mayi Chikaonda alibe choteteza ku khonsolo. Ukagwa, mlatho udutsa pakhomo pomwepa, ntchito yake ya ulonda ithera pomwepo, mwinanso ndende, pakuti mlonda wodula mtengo wotetezedwa ndi fisi wolondera mbuzi. Ndipo Nachisale adzayang'ana chiyani? Koma kuti ayang'ane kanthu, ayenera kukhala ndi maso otsegula. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Anapita kuseri kwa nyumba, pamulu wa nkhwangwa zolanda, nasankha yolemera kuposa zonse.

"Thupi lafika," anatero podutsa pabwalo. "Tiyeni mukalilandire."

Zaka zonse zimene anagwira ntchito m'nkhalango muja, Kamtedza anali asanatemepo mtengo wamoyo wa m'nkhalangomo patsinde. Nkhwangwa yoyamba italowa, khungwa linatseguka lofiira, ndipo misozi inangoyamba yokha. Sanaibise. Analira mokweza ngati mwana, akutema, akulira, akutema. Anautchula mtengowo mayina, anaupepesa, anatukwana mlatho, anatukwana nzeru zake zomwe. Kumbuyo kwake nyimbo ya akazi ija inakwera, ndipo tsopano inali kulira kwenikweni kwa pamaliro.

M'bawa ngati umenewo munthu mmodzi sangaugwetse usiku umodzi. Koma mdima utagwira, Kamtedza anamva nkhwangwa ina ikuyankha kuseri kwa thunthu. Iye akati go, kuseri go. Kenako ziwiri, kenako zambiri, mpaka mtengo wonse unkanjenjemera. Sanazungulire kuti akaone. Munthu wanzeru akamathandizidwa ndi otere sasuzumira.

Kum'mawa kutayamba kuyera, m'bawa unalira kamodzi, kulira kwautali, n'kuweramira kunkhalango. Kamtedza anatseka maso kudikira chiphokoso choti chigwedeze mzinda wonse. Sichinamveke. Mtengo unatsika pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati pansi pali mapewa ambiri oulandira. Iye anagwa chagada pa tizidutswa ta mtengowo, manja ali magazi okhaokha, ndipo tulo tinamuba pomwepo.

Anadzidzimuka dzuwa litamuwomba kumaso. Chitsa chinalipo, chachikulu ngati bwalo lopunthira mapira. Thunthu panalibe. Panalibe nthambi, panalibe mkwekwe wosonyeza kumene analikokera, ngakhale udzu wothyoka. Pamsewu panali mbee, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe.

Anathamangira kunyumba. Chitseko cha panja chinali chitsekere mmene anachisiyira, ndipo anachitsegula. Anakankha chitseko cha kuchipinda n'kuima, osapuma.

"Mwachedwa," anatero Nachisale ali pabedi. "Tiyi mpaka dzuwa lifike pamutu?"

Kamtedza anagwada pambali pa bedi n'kuika mutu pa dzanja lakufa lija. Anakondwa, abale, anakondwa mpaka kulephera kulankhula, zimene zinali zisanamuchitikirepo chibadwire.

"Nditulutseni panja," anatero mkaziyo.

"Lero kukuzizira."

"Bambo, ndati nditulutseni."

Anamunyamula n'kumukhazika pakhonde. Pamene panali m'bawa panali chibowo chachikulu chathambo, ndipo kudzera pamenepo mzinda wonse unkaoneka, malata, utsi, ndi timbendera tofiira ta anthu a mlatho kutsidya kwa mtsinje. Kumtunda kwa msewu kunkamveka kale injini ya lole ikubwera, pakuti wina anali atawauza kuti masamba achoka.

Nachisale anayang'ana chitsa nthawi yaitali. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope, mbali yamoyo.

"Mwandipheranji mtengo wanga?" anafunsa. "Ine ndinali nditawavomera kale anthu aja. Ndatopa kukhala katundu wanu, bambo. Mukanandisiya ndipite, mtengo ukanatsala, ntchito yanu ikanatsala."

Lole inaima pamsewu. Kutsogolo kunatsika kapitawo, ndipo pambuyo pake mayi Chikaonda, amene atangoona chitsa anagwira pakamwa. Kamtedza anadziwa kuti akubwera kudzafunsa, ndipo anali wokonzeka kuwauza kuti wadula ndi iye, ndi manja akewa. Anapukuta magazi pa buluku, anamanga mabatani a yunifolomu mpaka m'khosi. Asanatsike pakhonde anawerama, n'kupukuta msozi wa mkazi wake ndi chala.

"Mtengo tidzala wina, mayi, mbewu zake zili mbwee m'nkhalangomu," anatero. "Nanga inu, mbewu yanu ndikanakaitola kuti?"